Mmene Mtima wa Galu ndi Mphaka Unapezera Dokotala

M'chaka cha 1909, aphungu a nyumba ya malamulo ku London anakambirana za galu wina dzina lake Jimmy. Galuyo, wa mtundu wa bulldog, anali wa Augustus Waller, katswiri amene mu 1887 anakhala woyamba kujambula mphamvu ya magetsi yochokera mu mtima wa munthu. Poonetsa luso lake ku bungwe la asayansi la Royal Society, Waller anaimika Jimmy mapazi ali m'mitsuko ya madzi amchere, mawaya atalumikizidwa ku makina. Phungu wina anafunsa ngati imeneyo sinali nkhanza. Nduna Herbert Gladstone inayankha kuti galuyo sankamva kupweteka kulikonse, ndipo aliyense amene anaviikapo mapazi m'nyanja yamchere akudziwa mmene zimamvekera.

Jimmy sankadwala, ndipo akanati adwale mtima, panalibe amene akanadziwa chochita naye. Waller ankafufuza za munthu, galuyo anali chida chabe. Umu ndi mmene zinakhalira kwa zaka zoposa 300: galu ankalowa m'chipinda cha akatswiri a mtima kuti aphunzirirepo, osati kuti achizidwe. Mphaka ndiye sankawerengeredwa n'komwe.

William Harvey atalemba mu 1628 kuti mtima umapopa magazi ndipo magaziwo amazungulira thupi lonse, umboni wake anaupeza potumbula nyama zamoyo, agalu ali m'gulu lomwelo. Sukulu yoyamba ya madokotala a ziweto, imene Claude Bourgelat anayambitsa ku Lyon m'dziko la France mu 1761, maso ake anali pa mahatchi ndi ng'ombe, nyama za kunkhondo ndi za kumunda. Zida zimene dokotala wa ziweto amadalira lero zinayamba zatumikira anthu. Mu 1785 William Withering wa ku Birmingham anafotokoza mmene masamba a duwa la foxglove amaphwetsera thupi lotupikana, ndipo m'mtundu wa duwa limeneli ndi mmene munadzachokera mankhwala a digoxin. Mu 1816 René Laennec ku Paris anakulunga pepala ngati chitoliro n'kuliika pachifuwa cha wodwala, n'kukhala chiyambi cha stethoscope. X-ray inatulukira mu 1895, ndipo pofika 1903 Willem Einthoven ku Leiden anali ndi makina a ECG, ojambula mphamvu ya magetsi ya mtima, olemera makilogalamu pafupifupi 270, ofuna anthu asanu kuti agwire ntchito.

Nthenda imodzi ya mtima wa galu inadziwika msanga chifukwa inkaoneka ndi maso akatumbula galu wakufa. Mu 1856 Joseph Leidy wa ku Philadelphia anafotokoza nyongolotsi zoyera, zowonda ngati ulusi, zimene zimapotana mu mtima ndi m'mitsempha yopita ku mapapo. Yaikazi imatha kutalika masentimita 30. Mu 1900 Giovanni Battista Grassi, yemwe uja anathandiza kutsimikiza kuti udzudzu wa Anopheles ndiwo umafalitsa malungo, pamodzi ndi mnzake Giovanni Noè, anaonetsa kuti nyongolotsi zimenezi nazonso zimayenda ndi udzudzu. Mankhwala ozipha anabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, koma anali ochokera ku poizoni wa arsenic, ndipo ankatha kuwononga chiwindi cha galu amene akufuna kumupulumutsayo.

Pa nthawi yomweyo agalu anali kalikiliki kupulumutsa ana a anthu. Ku chipatala cha Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore, Vivien Thomas, munthu wakuda amene analibe digiri ya udokotala, anayeserera pa agalu pafupifupi 200 opaleshoni yolumikiza mitsempha kuti magazi ambiri azifika ku mapapo. Pa 29 November 1944 Alfred Blalock anachita opaleshoniyo pa khanda lobadwa ndi mtima wopunduka, Thomas ataima kumbuyo kwake n'kumamulangiza. Galu wina wa pa kafukufukuyo, dzina lake Anna, anakhala ndi moyo zaka zambiri, mpaka chithunzi chake chinapachikidwa pakhoma pachipatalapo.

Amene anatembenuza nkhaniyi ndi David Detweiler wa pa sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Pennsylvania. Iye anafunsa funso limene anzake ankalilambalala: kodi agalu enieniwo amadwala mtima motani, nanga ndi angati? Pamodzi ndi Donald Patterson anayeza agalu pafupifupi 5,000 obwera ku chipatala cha pasukulupo, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1965, zinaonetsa kuti mwa agalu 10 alionse, mmodzi anali ndi vuto la mtima.

Chodabwitsa chinali mtundu wa mavutowo. Munthu kawirikawiri amafa chifukwa mafuta atseka mitsempha yodyetsa mtima, koma galu zimenezi sizimuchitikira wambawamba. Chake ndi valavu. Pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima pali kachitseko kotchedwa mitral, kamene kamatseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Galu wamng'onowamng'ono akamakalamba, kachitsekoko kamakhuthala n'kumakwinyika m'mphepete, moti pakugunda kulikonse magazi ena amathawira kumene achokera. Dokotala akaika stethoscope amamva kuti fuu! fuu! pakati pa kugunda. Mtima umakula pofuna kubweza zotayikazo, mpaka tsiku lina madzi amayamba kudzaza m'mapapo, galu n'kumapuma mwabefu, kutsokomola usiku ndi kukana kuyenda. Masiku ano akatswiri amati mwa agalu anayi odwala mtima, atatu vuto lawo ndi limeneli. Agalu akuluakulu monga Dobermann ndi Great Dane awo ndi mnofu wa mtima, umene umaphwa n'kufutukuka ngati thumba lotha. Patterson anapitirira: pokweretsa agalu a mtundu wa poodle obadwa ndi mtsempha wina wosatsekeka, anatsimikiza kuti zilema zina za mtima ndi zakumtundu.

Zitseko zinatsegukano. Mu 1967 James Buchanan, wa pasukulu yomweyo, anaika pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, mwa galu wa mtundu wa Basenji wa zaka 10 amene mtima wake unkagunda mwaulesi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, madokotala a ziweto ankadalira ma pacemaker otsala kwa anthu. Mu 1970 Stephen Ettinger ndi Peter Suter anatulutsa buku lonena za mtima wa galu wokhawokha. Buchanan sanalekere pomwepo. Mu 1995 iye ndi Jörg Bücheler anakonza njira yosavuta yoyezera kukula kwa mtima pa chithunzi cha X-ray: kutenga mlitali ndi mlifupi wa mtima n'kuwerenga kuti zikukwana mafupa angati a msana. Kwa galu wabwinobwino anapeza kuti ndi mafupa pafupifupi 9.7. Chofunika ndi rula basi.

Mphaka anachedwa kwambiri. Kamtima kake n'kakang'ono, kamathamanga kufika maulendo 200 pa mphindi akachita mantha, ndipo mphakayo amabisa matenda. Galu amatsokomola, mphaka amangodzigonera pakona mpaka zinthu zitafika poipa. Chimene chinamuulula ndi makina ounikira mtima pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso, amene Inge Edler ndi Hellmuth Hertz anayamba kuyesa pa anthu ku Lund m'dziko la Sweden mu 1953. Atafika m'zipatala za ziweto m'zaka za m'ma 1980, dokotala anatha kuona makoma a mtima akuyenda, nyama ili yamoyo, osaitumbula.

Makina amenewa ndiwo anathandiza kuthetsa mliri umene unkapha amphaka ambiri ku America. Mitima yawo inkaphwa n'kufutukuka, ndipo mphaka akapezeka ndi nthendayi ankangoyembekezera imfa. Paul Pion, dokotala wachinyamata pa University of California ku Davis, anapeza kuti amphaka odwalawo anali ndi taurine wochepa kwambiri m'magazi. Taurine amapezeka mu nyama, ndipo thupi la mphaka silitha kupanga wokwanira palokha. Mphaka wodya mbewa amamupeza mosavuta, koma zakudya zina za m'zitini ndi m'matumba sizinkamupatsa wokwanira. Pion, Mark Kittleson, Quinton Rogers ndi James Morris atawonjezera taurine, mitima imene inkaoneka ngati yatheratu inabwerera mwakale. Nkhaniyi inatuluka m'magazini ya Science mu 1987, makampani anasintha kapangidwe ka zakudya, ndipo nthendayo inasowa pafupifupi yonse.

Chaka chomwecho galu naye anapeza mpumulo. Kale, kuti atetezedwe ku nyongolotsi za mu mtima, ankayenera kumwa piritsi tsiku ndi tsiku nyengo yonse ya udzudzu. Mu 1987 kunabwera piritsi la ivermectin lomwa kamodzi pa mwezi. Pamenepa zinthu zinayenda chobwerera: mankhwala amene anayamba ngati a ziweto ndi amene anadzagawidwa kwa anthu pothana ndi nthenda yoyabwa ndi yochititsa khungu yofala ndi ntchentche zakuda za m'mitsinje, ndipo anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amawadziwa bwino. William Campbell ndi Satoshi Ōmura analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha mankhwalawa.

Taurine atathetsa vuto limodzi, linatsala lina lalikulu. Mwa amphaka ambiri khoma la mtima silifutukuka, limakhuthala, mpaka chipinda cholandira magazi chimachepa. Kafukufuku wa amphaka 780 m'malo osungira amphaka osowa mwini ku England, wosindikizidwa mu 2015, anapeza nthendayi mwa amphaka 15 pa 100 alionse, onse ooneka athanzi. Mu 2005 Kathryn Meurs ndi anzake anapeza polakwika mu DNA ya amphaka a Maine Coon, ndipo mu 2007 anapezanso pena mwa a Ragdoll. Choopsa kwambiri pa nthendayi ndi magazi oundana mu mtima. Chibulumacho chikathothoka chimakatseka mtsempha wopita ku miyendo yakumbuyo, ndipo mphaka amene m'mawa amadumpha bwinobwino amapezeka akulira, akukhwekhwereza miyendo yozizira. Kwa zaka zambiri madokotala ankapereka aspirin, mpaka kafukufuku wotsogozedwa ndi Daniel Hogan wa ku Purdue anaonetsa mu 2015 kuti clopidogrel amateteza bwino kwambiri kuti vutoli lisabwerezenso.

Kumbali ya agalu, kwa nthawi yaitali m'kabati ya dokotala munali mankhwala awiri: digoxin wa duwa lija, ndi furosemide, mankhwala okodzetsa amene anabwera m'zaka za m'ma 1960 ndipo mpaka lero ndi amene amachotsa madzi m'mapapo. Pakati pa zaka za m'ma 1990 kunawonjezeka enalapril ndi benazepril, ofewetsa mitsempha. Kenako kunabwera pimobendan, amene amalimbitsa kapopedwe ka mtima n'kutakasanso mitsempha. Mankhwala a pimobendan anapangidwira anthu, koma mayiko ambiri sanawalandire. Kwa agalu anachita zodabwitsa. Pa kafukufuku wa QUEST wa mu 2008, wotsogozedwa ndi Jens Häggström wa ku Uppsala, agalu 260 amene mtima unali utayamba kale kulephera anagawidwa pawiri. Theka la omwa pimobendan linadutsa masiku 267 zinthu zisanaipe, pamene kwa omwa benazepril anali masiku 140.

Funso lotsatira linali lolimba mtima: bwanji osayamba mankhwala galu asanadwale? Kafukufuku wa EPIC, wotsogozedwa ndi Adrian Boswood wa ku Royal Veterinary College, anatenga agalu 360 amene mitima inali itakula koma akusewerabe. Zotsatira za mu 2016 zinali masiku 1,228 kwa omwa pimobendan ndi 766 kwa omwa piritsi lopanda mankhwala, kusiyana kwa miyezi pafupifupi 15. Kuyambira pamenepo, kaphokoso ka fuu kaja kanasiya kukhala chinthu chongolemba m'kaundula. Kanasanduka chifukwa chojambulira galu.

Mankhwala onsewa sakonza valavu yothayo. Mmodzi mwa amene anaonetsa kuti n'zotheka kuikonza ndi Masami Uechi wa ku Japan. Iye amaimitsa mtima wa galu, makina n'kumapopa magazi, kenako amasoka tizingwe tatsopano togwira kachitsekoko ndi kuchepetsa khomo lake. Mu 2012 anafotokoza za agalu ang'onoang'ono 48, ndipo oposa 90 pa 100 alionse anatuluka m'chipatala amoyo. Anthu amakwera ndege ndi agalu awo kupita ku Yokohama kukafuna opaleshoni imeneyi, ngakhale kuti mtengo wake ndi wa anthu ochepa.

Nkhani zatsopano zikuloza kwa munthu mwini. Galu wa mtundu wa Cavalier King Charles Spaniel amayamba vuto la valavu akadali wamng'ono chifukwa cha mmene anthu akhala akumuberekeretsera pachibale, ndipo mu October 2023 khoti lalikulu la ku Norway linagamula kuti kubereketsa mtundu umenewu n'kuphwanya lamulo losamalira nyama. Mu 2018 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linayamba kufufuza malipoti a agalu ofutukuka mtima amene ankadya zakudya zodzaza nsawawa ndi mphodza m'malo mwa chimanga ndi mpunga, ndipo akatswiri akutsutsanabe za gwero lake. Mu March 2025 bungwe lomwelo linaloleza mongoyembekezera piritsi la sirolimus, lomwa kamodzi pa sabata, ngati mankhwala oyamba olimbana ndi kukhuthala kwa mtima wa mphaka zizindikiro zisanaoneke.

Pakati pa makina onsewa, muyeso umene akatswiri a mtima amapempha eni ziweto kuti azichita kunyumba sufuna magetsi kapena mitsuko ya madzi amchere. Galu kapena mphaka akagona tulo, mwini wake amayang'ana nthiti n'kuwerenga kuti zakwera kangati pa mphindi imodzi. Nyama yabwinobwino imapuma maulendo osafika 30. Chiwerengerocho chikamapitirira 30 mobwerezabwereza, mwina madzi ayamba kulowa m'mapapo, ndipo nyamayo ikufunika kuonedwa ndi dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.