Mbiri ya Makala m'Makomboni a Lusaka

Malonda a makala mu Lusaka anakula limodzi ndi makomboni. Mzindawu unakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, koma atsamunda sankalola anthu akuda ambiri kukhazikika m'tauni. Ufulu utabwera mu 1964, anthu anakhamukira mumzindawu ndipo makomboni a Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga anadzaza. Nyumba zambiri zinalibe magetsi. Nkhuni zapafupi zitatha, mbaula inalowa m'malo mwa mafuwa.

Makalawa amachokera m'nkhalango za miombo. Ootcha amagwetsa mitengo monga mombo ndi mtondo, kuiunjika, kuikwirira ndi dothi, n'kuyatsa moto umene umanyeka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Mitengo itayamba kusowa m'mbali mwa mzinda, ootchawo anasunthira kutali, ku Chongwe, Rufunsa, Chibombo ndi Mumbwa. Matumba amafika pa njinga kapena pa malole, ndipo m'misika ya Matero ndi Mtendere amayi amawapungulira m'timajumbo tokwanira kuphikira tsiku limodzi. Phindu la timajumbo timeneti ndilo limagula ndiwo ndi kulipira lendi m'mabanja ambiri.

Ngakhale magetsi a kampani ya ZESCO atafika m'makomboni, mbaula sinatayidwe. Magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi a Kariba ndi Kafue, choncho chilala cha 2015, 2019 ndi 2024 chinachititsa kuti azizima kwa maola ambiri. Ngakhale mabanja okhala ndi masitovu anabwerera ku makala.

Kutha kwa nkhalango kumaonjezera mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa mtengo ukapsa umatulutsa kaboni amene unasunga. Pofuna kuchepetsa vutoli, lamulo la nkhalango la 2015 linalola midzi kuyang'anira nkhalango zawo n'kumapindula nazo. Ku Rufunsa, kampani ya BioCarbon Partners imayendetsa ntchito ya Lower Zambezi REDD+, momwe ndalama zogulitsa kaboni wosungidwa m'mitengo zimathandizira chitukuko cha midzi yozungulira. Mu 2024 boma linaimitsa ziphaso zootchera makala ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji.

Njira zimenezi zimagwira ntchito kumudzi, pamene ogula ali m'tauni. N'chifukwa chake boma ndi mabungwe akulimbikitsanso gasi ndi mbaula zosatha makala. Komabe botolo la gasi limafuna ndalama zambiri nthawi imodzi, pamene banja lodalira maganyu limakwanitsa kugula makala a tsiku lokhalo.