Kuchokera pa Khasu Kufika pa Mankhwala: Mbiri ya Kupalira ndi Madzi ku Tsangano ndi Macanga

Kwa mibadwo yambiri, udzu wa m'minda ya m'maboma a Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, unkagonja ndi khasu basi, ndipo banja lochepekedwa manja linkaitanitsa dima, mwambo umene anansi ankasonkhana kudzapalira ndi kubandira kenako n'kupatsidwa mowa kapena thobwa. Ntchitoyo inali yothyola msana, komabe chimene inkatsitsira kumtsinje chinali matope, amene amadikha okha mumtsuko.

Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, ndipo amene anathawira ku Malawi atabwerera kwawo, ulimi wamalonda unakula, wa kachewere ku Tsangano ndi wa fodya kuzungulira Furancungo ku Macanga, ndipo pang'onopang'ono mankhwala opha udzu anafika m'misika ya m'malire. Mankhwalawa anachokera kutali: atrazine anatulukira ku Switzerland mu 1958, pamene glyphosate anayamba kugulitsidwa ku America mu 1974. Atrazine sagwira nthaka kwenikweni, choncho mvula imamukokolola n'kumulowetsa m'madambo ndi m'zitsime, ndipo n'chifukwa cha madzi apansi kuti mayiko a European Union anamuletsa mu 2004. Chodetsa nkhawa n'chakuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, njira zimene zapulumutsa anthu ambiri ku kolera, kumapha tizilombo koma sikuchotsa atrazine.

Njira ina yoyeretsera madzi otere, imene asayansi amaitcha photocatalysis, kutanthauza kuphwanya mankhwala ndi mphamvu ya kuwala mothandizidwa ndi chinthu chimene icho sichitha, inatchuka Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan atafalitsa kafukufuku wawo mu 1972. Ufa woyera wa titanium dioxide ukawombedwa ndi cheza cha ultraviolet, umatulutsa m'madzi tizinthu taukali timene timadula mankhwalawo m'tizidutswa, ndipo ku Almería, m'dziko la Spain, njirayi yayesedwa kwa zaka zambiri ndi dzuwa lenileni. Ili ndi malire ake, pakuti madzi amatope a m'dzinja amatchinga kuwalako, ndiponso atrazine saphwanyikiratu koma amatsala ngati cyanuric acid.

Pakadali pano chitetezo cha madzi a maboma awiriwa chili m'manja mwa wopopera mankhwala, amene sayenera kutsukira sipuleya pamtsinje, kupopera mvula ili pafupi kugwa, kapena kusandutsa chigubu cha mankhwala kukhala chotungira madzi.