Mbiri ya Usodzi wa Matemba mu Mtsinje wa Chongwe

Mtsinje wa Chongwe, womwe umayambira kumpoto chakummawa kwa Lusaka n'kukathira mu Zambezi pamalire a nkhalango yotetezedwa ya Lower Zambezi, unkapatsa ndiwo Asoli, eni nthaka a chigawochi, kalekale Lusaka asanakhale likulu la dziko mu 1935. Zina mwa ndiwozo zinali matemba, tinsomba ta mamba totalika ngati chala, timene akatswiri ankatiika m'gulu la Barbus koma tsopano amatitcha Enteromius. Pamathithi ndi pamiyala ya m'mitsinje yothira mu Zambezi pamakhalanso tinsomba topanda mamba ta gulu la Chiloglanis, tapachibale ndi mlamba, timene timakakamira pathanthwe ndi kamwa lake lophwatalala kuti madzi othamanga asatikokolole.

Usodzi wakale unkatsata nyengo. Mvula ikayamba, pamene matemba amakwera kumtunda kukaswana, komanso madzi akamaphwera, amuna ankamanga biyo, womwe ndi mpanda wa timitengo ndi miyala wodutsa mumtsinje, ndipo pamipata yake ankatcherapo mono, msampha wolukidwa ndi bango kapena nsungwi umene nsomba ikalowamo siyitha kutulukanso. M'chilimwe amayi ankakokola tinsombati ndi madengu m'maiwe otsalira, n'kutiyanika padzuwa kuti tisungike mpaka nthawi yosowa ndiwo.

Zinthu zinasintha damu la Kariba litamangidwa mu 1959, makamaka kapenta wochokera ku nyanja ya Tanganyika ataikidwamo mu 1967 ndi 1968, pakuti kapenta wouma anadzaza misika ya Lusaka ndi ya m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo matemba anasanduka ndiwo ya pakhomo chabe. Mtsinjewo nawo unayamba kuvutika, chifukwa Ngwerere, mtsinje wothira mu Chongwe, umanyamula madzi onyansa ochokera mumzinda wa Lusaka, alimi a ulimi wothirira amapatutsa madzi ambiri, ndipo m'zaka za chilala malo ena amaumiratu. Asodzi enanso anayamba kukoka ndi maneti otetezera udzudzu, omwe amasesa ngakhale tiana ta nsomba.

Boma la Zambia limaletsa usodzi m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale pofuna kuti nsomba ziswane, koma lamulo lokhalo silingapulumutse matemba ngati madzi ake akuipa ndi kuchepa. Mafumu, alimi ndi akuluakulu a mzinda wa Lusaka ayenera kugwirizana poteteza mtsinjewu, popeza mabanja osauka a m'boma la Chongwe amadalirabe tinsombati.