Kuchokera ku ndende ya Zomba kufika ku Room 6: mbiri ya maphunziro a madokotala a matenda a maganizo

Munthu wa ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni akadwala matenda a maganizo, amayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake. Zikakanika pamenepo amatumizidwa ku Gulupu, ku chipinda chimene ambiri amachidziwa kuti Room 6, ndipo matenda akakula amamutengera ku Zomba. Njira imeneyi ili ndi mbiri, ndipo mbiriyo inayambira m'ndende.

M'chaka cha 1910 boma la atsamunda linapatula mbali ina ya ndende yaikulu ya Zomba kuti muzisungidwa anthu otchedwa amisala. Owayang'anira anali asilikali a ndende, ndipo ntchito yawo inali kutsekera aliyense amene akuluakulu a boma ankamuona kuti akusowetsa mtendere. Katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan, amene anafufuza zolembedwa za malowa n'kusindikiza zomwe anapeza mu 1983, anaonetsa kuti kumeneku kunali kosungirako anthu, chithandizo chinali chochepa kwambiri.

Madokotala atayamba kuchita chidwi ndi odwalawa, anabwera ndi maganizo a nthawi yawo. Mu 1936 madokotala awiri a boma, Shelley ndi Watson, anasindikiza kafukufuku wa odwala a ku Zomba. Anasiyanitsa zobwebweta za odwala potengera ngati zinali zachizungu kapena zachikuda, ndipo sukulu ndi moyo wachizungu zinaganiziridwa kuti n'zimene zikusokoneza mitu ya anthu akuda. Ku Kenya, J.C. Carothers anapititsa patsogolo maganizo otere m'buku limene bungwe la WHO linasindikiza mu 1953. Potsata nzeru zimenezi, mnyamata wochoka ku Mulanje kudzafuna ntchito ku Limbe n'kumagona ku Ndirande anali kale pangozi yopenga chifukwa chongosiya mudzi. Malipiro ochepa, msonkho ndi thangata sizinkawerengedwa kwenikweni. Pa nthawi yomweyo, ku Nigeria, dokotala wachikuda Thomas Adeoye Lambo anayambitsa mu 1954 njira yosamalira odwala m'midzi ya ku Aro, ali ndi abale awo, mogwirizana ndi asing'anga. Matenda anali amodzimodzi. Chinasiyana ndi munthu amene ankatsogolera.

Kuno lamulo loyendetsera chithandizo cha odwala misala linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo linagwira ntchito zaka zoposa 70. Chipatala chatsopano cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Dziko litalandira ufulu mu 1964, akatswiri a matendawa ankabwera kuchokera kunja, kukhala zaka zingapo n'kubwerera kwawo. Amene ankatsala ndi odwala anali anamwino ndi madokotala othandizira. Iwowa ndiwo anapereka mankhwala a khunyu ndi a misala m'maboma, ndiwo ankadziwa banja limene lamangirira mwana wawo pamtengo, ndiwonso ankamasulira zonena za wodwala kwa dokotala wachilendo. Mayina awo sapezeka kawirikawiri m'mabuku, koma utsogoleri weniweni wa ntchitoyi unali m'manja mwawo kwa zaka makumi angapo. Kumpoto, abale a St John of God anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake anatsegula sukulu yophunzitsa anamwino ndi madokotala othandizira za matenda a maganizo.

Sukulu ya madokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Poyamba mphamvu zambiri zinapita ku malungo, chifuwa chachikulu, uchembere ndi Edzi, ndipo n'zomveka, pakuti m'mawodi a ku Gulupu anthu ankafa tsiku ndi tsiku ndi matenda amenewa. Komabe nthambi ya thanzi la maganizo inakhalapo. Chiwoza Bandawe, katswiri wa kaganizidwe ka munthu, anaphunzitsa kumeneko ndipo analimbikira kuti umunthu ukhale maziko a uphungu, kutanthauza kuti wodwala asaonedwe payekha ngati alibe abale, mpingo kapena mudzi. Kumbali ya boma, Dr Felix Kauye anakhala zaka zingapo ali yekha katswiri wa matenda a maganizo, akuyang'anira Zomba Mental, kulangiza unduna ndi kuchita kafukufuku wophunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono ku Machinga.

Munthu mmodzi sakanatha kuphunzitsanso ophunzira onse. Kuyambira 2006 bungwe la Scotland Malawi Mental Health Education Project linayamba kutumiza madokotala odzipereka kudzaphunzitsa kwa milungu ingapo chaka ndi chaka. Kuchokera mu ubale umenewu munabadwa maphunziro a ukatswiri a MMed Psychiatry kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Anakonzedwa kuti wophunzira athere gawo lina kuno, gawo lina ku University of Cape Town, kumene akanaphunzira nthambi zomwe kuno kunalibe aziphunzitsi ake, monga matenda a maganizo a ana ndi kuyeza anthu oimbidwa milandu. Kugawa kotereku kunali ndi chifukwa china chimene aliyense wa zaumoyo amachidziwa: madokotala ambiri amene anatumizidwa kunja kwa zaka zonse za maphunziro sanabwerere. Mwa oyamba kumaliza panali Dr Kazione Kulisewa ndi Dr Olive Liwimbi. Dr Kulisewa anadzatsogolera nthambiyi pa sukulu yomwe inawaphunzitsa, imene kuyambira 2021 ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences.

M'mayiko a azungu, nkhani ya kusiyanasiyana kwa ophunzira imakhudza kwambiri khungu. Ku Blantyre nkhaniyi ndi ya chinenero ndi chikhulupiriro. Mzindawu unali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018, ndipo pamzere wa odwala ku Bangwe kapena ku South Lunzu ku Machinjiri pamakhala Ayao, Alomwe, Angoni, Asena ndi Atumbuka. Mayi wovutika maganizo atabereka sanena dzina la matenda lopezeka m'buku. Amati mtima ukumuwawa, kapena mutu ukutentha, kapena akuganiza kwambiri, monga momwe a ku Zimbabwe amanenera kufungisisa. Dokotala wosamva mawu amenewa amalemba panado. N'chifukwa chake ntchito yooneka yaing'ono inali yofunika: Robert Stewart ndi anzake anayesa mafunso opimira matendawa, otchedwa SRQ, m'Chichewa pakati pa amayi a ku Thyolo n'kusindikiza zotsatira mu 2009, kenako anachita zofanana ku Mangochi m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Palinso mafunso a chikumbumtima amene wophunzira amakumana nawo asanamalize n'komwe chaka choyamba. Odwala ambiri amafika atadutsa kale kwa sing'anga kapena kumapemphero a kuphiri, ndipo abale amakhulupirira kuti munthuyo analodzedwa. Dokotala akawaseka, sabweranso. Akangovomereza zonse, wodwala amasiya mankhwala. Chovuta china chakhala gawo 229 la malamulo a milandu, limene linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu. Banja limabisa zimene zachitika poopa apolisi, ndipo dokotala amalephera kufunsa bwino. Zimenezi siziphunzirika ku Cape Town. Wophunzira amaonera mmene mphunzitsi wake akuyankhulira ndi agogo a wodwala, ndi mmene akumvera namwino amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri kuposa iye.

Akatswiri omaliza maphunzirowa akadali owerengeka pa dziko la anthu amene anali oposa 17.5 miliyoni mu 2018, choncho gawo lalikulu la ntchito yawo ndi kuphunzitsa ena. Kufunika kwake kunaoneka mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, kufupi ndi Zingwangwa. Opulumuka anasonkhanitsidwa m'masukulu ndi m'matchalitchi, ena ataikidwa abale angapo tsiku limodzi, ena asanapeze n'komwe mitembo. Panalibe njira yoti onsewo akaonane ndi katswiri ku Room 6, ndipo oyamba kukhala nawo pansi anali anamwino, alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi anthu odzipereka a m'madera momwemo.