Ndani apikisane ndi ndani? Mbiri ya nkhani imene yatiyambanitsa ku kalabu

Amene munalipo pa masewera a ana mwezi wathawu mukudziwa momwe zinathera. Tinagawa ana potengera makalasi, Sitandade 3 mpaka 5 gulu limodzi, Sitandade 6 mpaka 8 gulu lina. Itafika nthawi yodumpha ndi kutembenuka m'malere pa mphasa zija, mnyamata wina wa zaka 15 amene ali Sitandade 5 anakokolola mphoto zonse za gulu la ang'ono. Mayi wina anagwira mwana wake wa zaka 9 pa dzanja n'kumapita osatsanzika. Kuchokera tsiku limenelo nkhani sikutha, ena akuti mnyamatayo anabera, ena akuti anthu angomuchitira nsanje. Ine ndikuti sanabere aliyense. Lamulo tinapanga ndife, iye anangolitsata. Ndiye tisanakumane Loweruka kuti tikonze za chaka chamawa, ndati ndikufotokozereni kuti nkhani imeneyi inayamba kale, ndipo yagwetsapo anthu akuluakulu kuposa ife.

Tiyambire pakhomo pompano. Mpikisano wa Porters Race umene timauonera chaka ndi chaka mu Julayi unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo dzina lake likunena lokha kuti unali wa ndani. Unali wa mapota ndi magayidi, achimwene athu amene amasenzera alendo zikwama pokwera phiri. Njira yake mukuidziwa: kunyamuka pa ofesi ya za nkhalango pa Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa pamwamba kukafika ku Lichenya, kenako kutsetsereka kubwerera pomwe anayambira, mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Alendo ambiri ulendo womwewo amauyenda masiku awiri kapena atatu, koma otsogola pa mpikisanowu amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Poyamba paja chilungamo chake chinali chosavuta, chifukwa opikisanawo anali anthu a ntchito imodzi, odziwa miyala yomweyo, odya nsima yomweyo. Pambuyo pake mpikisano unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi, a kuno ndi a kunja, ndipo amayi amawerengedwa paokha. Kutsegulako kunaukulitsa, palibe angatsutse. Koma taganizani, pamzere woyambira pamaima munthu amene dzulo lake wasenza katundu wa mlendo kuchoka ku Sapitwa, pambali pake pali amene ntchito yake ndi kuthamanga basi, ali ndi mphunzitsi ndi nsapato zake zabwino. Wina akuidziwa njira ngati pakhomo pake, wina ali ndi mapapo ophunzitsidwa. Wapindula ndani pamenepo? Nkhani imeneyi ine ndakhala ndikuimva ikukambidwa pa Chitakale kuyambira ndili mwana, ndipo sinathebe.

Tsopano tidumphe nyanja, chifukwa zodumpha ndi kutembenuka zimene ana athu amachita pa mchenga wa mu mtsinje, kunja ndi masewera enieni otchedwa gymnastics, ndipo ndi masewera amene nkhani ya zaka yawavuta kwa nthawi yaitali. Mu 1976, ku masewera a Olympics a ku Montreal m'dziko la Canada, mtsikana wa ku Romania, Nadia Comăneci, anapatsidwa mapointi 10 athunthu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa masewerawa ku Olympics. Bolodi yoonetsa mapointi sinapangidwe kuti ilembe 10.00, moti inalemba 1.00. Mtsikanayo anali ndi zaka 14 zokha. Aphunzitsi a m'mayiko ambiri anaona kuti thupi laling'ono, lopepuka, limatembenuka msanga m'malere, komanso mwana saopa kugwa ngati momwe amaopera wamkulu. Zotsatira zake, ana aang'ono kwambiri anayamba kulowetsedwa m'mipikisano ya akuluakulu, akuphunzitsidwa maola ambiri mafupa asanakhwime. Bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, FIG, linakweza msinkhu wolowera mpikisano wa akulu kufika pa zaka 15 mu 1981, kenako pa zaka 16 mu 1997.

Lamulo litabwera, kubera kunabweranso, koma kubera kwake kunali kotembenuka. Ife tinazolowera munthu wamkulu kudzichepetsa zaka. Uku ayi, ankawonjezera. Daniela Silivaș wa ku Romania, amene anatenga mendulo zagolide zitatu ku Seoul mu 1988, anadzaulula yekha mu 2002 kuti akuluakulu anamuwonjezera zaka ziwiri pa pasipoti kuti ayambe msanga kupikisana ndi akulu. Kim Gwang-suk wa ku North Korea, katswiri wa dziko lonse mu 1991, analembedwa kuti ali ndi zaka 15 kwa zaka zitatu zotsatizana, ngati kuti kwawoko kalendala inaima. Dziko lakelo linaletsedwa mpikisano wa dziko lonse wa 1993. Silinaphunzire. Mu 2010 linagwidwanso pa mtsikana wina, Hong Su-jong, amene anapezeka ndi zaka zobadwa zitatu zosiyana m'mapepala, ndipo linaletsedwa zaka ziwiri, n'kuphonya Olympics ya ku London mu 2012.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Dong Fangxiao wa ku China. Timu ya atsikana a ku China inatenga mendulo ya nambala 3 ku Sydney mu 2000, ndipo mapepala a Dong ankati anabadwa mu 1983. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, atasiya kusewera, analembetsa kuti agwire ntchito pa Olympics ya ku Beijing, ndipo pa fomu imeneyo panalembedwa 1986. Kuwerengera bwino, ku Sydney kuja anali ndi zaka 14. Mu 2010 mendulo inalandidwa kwa timu yonse n'kuperekedwa kwa atsikana a ku America amene anathera pa nambala 4. Anailandira patatha zaka khumi, ali azimayi akuluakulu, chisangalalo cha tsiku lija chitazizira kalekale. Ndipo anzake a Dong amene zaka zawo zinali zoona anataya mendulo yawo limodzi naye. Mwana wa zaka 14 sadzilembera yekha pasipoti. Anachita ndi akuluakulu, koma dzina limene lili m'mabuku lero ndi lake.

Ku mpira wa miyendo zinthu zimayenda monga tikuzidziwira ife, ndevu zimametedwa, zaka zimatsika. Mexico inagwidwa mu 1988 itasewetsa anyamata opitirira msinkhu mu timu ya achinyamata, ndipo chilango chinagwera ngakhale timu yaikulu, imene inaletsedwa World Cup ya 1990. Nigeria nayo inaletsedwa ndi FIFA mu 1989 pa nkhani ya masiku obadwa osagwirizana.

Apa ndi pomwe dziko lathu likulowa m'nkhaniyi, ndipo ang'onoang'ono ambiri m'kalabu muno simukudziwa. Mu 2009 timu yathu ya anyamata osapitirira zaka 17 inali ku Algeria pa mpikisano wa Africa. Matimu anayi ofika mu ndime ya semifainolo ndi amene ankapita ku World Cup. Niger inachotsedwa mu mpikisanowo chifukwa chosewetsa wopitirira msinkhu, ndipo malo ake anatenga ndi Malawi. Umu ndi momwe tinapitira koyamba ku World Cup ya FIFA, imene inachitikira ku Nigeria mu Okutobala ndi Novembala chaka chomwecho. Tinagonja masewera onse atatu, kwa United Arab Emirates, kwa America, ndi kwa Spain imene inali ndi anyamata ngati Isco ndi Koke amene pambuyo pake munawaonera pa TV m'mavidiyo shoo. Kugonja kumeneko ndilibe nako manyazi. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti Niger ikanapanda kugwidwa, anyamata athu akanabwerera kumudzi, ife n'kumati basi analephera, osadziwa kuti analandidwa. Wobedwa pa nkhani ya zaka kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti wabedwa.

Mpikisano wa ku Nigeria womwewo ndi umene FIFA inayambira kupima osewera ndi makina a MRI. Amajambula pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Mwa mwana amene akukula, kumapeto kwa fupa kumakhala kampata kofewa, ndipo akamaliza kukula kampatako kamatsekeka. Ngati katsekeka kotheratu, amati munthuyo wadutsa zaka 17. Mu Novembala 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa osapitirira zaka 17 ku South Africa, matimu anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anabwezedwa kwawo chifukwa cha makina amenewa. Anatsala anayi okha, Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia. Kumapeto kwa 2022, ku Cameroon, anyamata 21 mwa 30 amene anaitanidwa ku timu analephera kupimidwa komweku, Samuel Eto'o ali mtsogoleri wa bungwe la mpira kumeneko. Komabe makina si Mulungu. Matupi sakula mofanana, wina amakhwima msanga ali ndi zaka zake zoona, ndipo kwa atsikana, amene mafupa awo amakhwima msanga kuposa anyamata, njira imeneyi siyodalirika chimodzimodzi.

Mwina mukuti, bwanji osangoonetsa setifiketi yobadwira? Funsani makolo anu ngati ali nayo. Kwa zaka zambiri m'dziko muno kulembetsa mwana akabadwa sikunali kokakamiza kwa aliyense. Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015. Kalembera wamkulu wa ziphaso za unzika anachitika mu 2017, ndipo anali wa anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo. Ana ambiri a m'kalabu muno umboni wawo ndi kabuku ka kusikelo, ndipo tonse tikudziwa kuti mu Malichi 2023 madzi a namondwe wa Freddy anapita ndi mapepala a mabanja ambiri kuno ku Mulanje. Ndiye tikanena kuti wopanda pepala asasewere, tikhala tikulanga ana omwe aja amene anataya kale zambiri. Kalasi nayonso taona kuti siinena zaka. Wina anayamba sukulu mochedwa, wina anabwereza kawiri, wina anasiya chaka chathunthu akuthandiza kumunda kapena kudwazika agogo. Mnyamata wathu uja ali Sitandade 5 pa zifukwa zake, ndipo kubwerera kwake ku sukulu ndi chinthu choti timuyamikire, osati kumuchititsa nacho manyazi pagulu.

Pali chinanso chimene a gymnastics anatulukira chimene ndikuona kuti chingatithandize. Ku America ana amene amachita masewerawa amaikidwa m'magawo kuyambira 1 mpaka 10 potengera zimene akutha kuchita, ndipo mkati mwa gawo lililonse amawagawanso potengera zaka. Mwana amakwera gawo akaonetsa luso lofunikira ndi kupeza mapointi okwanira. Choncho wa zaka 13 amene wangoyamba kumene sakumana ndi mnzake wa zaka 13 amene wakhala akuphunzira kuyambira ali ndi zaka 5. Koma musaganize kuti kumeneko kulibe madandaulo. Makolo amadandaula kuti aphunzitsi ena amamusunga dala mwana waluso m'gawo lotsika kuti azingotenga mendulo, pomwe ena amamukankhira m'mwamba asanakonzeke mpaka kuvulala. Ndi nkhani yathu yomwe ija, yangovala suti.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa adzanene Loweruka. Tisiye kugawa ndi makalasi. Pa zothamanga tigawe ndi zaka, chifukwa pamenepo kutalika kwa miyendo ndi mphamvu ndi zimene zimalamula. Pa zodumpha ndi kutembenuka tiyambe taona zimene mwana akutha, tsiku lapadera mpikisano usanafike, oyesa akhale atatu ndipo pasakhale mbale wake wa mwanayo. Amene akutha kutembenuka chagada manja osagunda pansi apite gulu lapamwamba, kaya ali ndi zaka 10 kaya 16. Amene wapambana gulu lake chaka chino, chaka chamawa akwere, asakhale mfumu ya ang'ono mpaka kalekale. Ndikudziwa kuti ena munena kuti pamenepo wa zaka 10 waluso adzakumana ndi wa zaka 16 ndipo adzaluza. N'zoona, ndipo ngati ana achuluka tingagawenso gulu lapamwambalo pawiri. Pa zaka, wopanda kabuku asabwezedwe. Kholo kapena womulera anene pamaso pa komiti, tilembe m'kaundula wa kalabu kamodzi, ndipo chimene chalembedwacho chisadzasinthenso. Dong anagwidwa chifukwa mapepala awiri anasemphana, ifenso kaundula wathu adzatigwirira ntchito yomweyo popanda makina a MRI.

Mayi aja amene anachoka ndi mwana wawo ndinakawaona kunyumba Lamulungu lapitali. Anati mwanayo akufunabe kubwera, akumayeserera kuseri kwa khitchini, koma iwo akufuna amve kaye zomwe tigwirizane. Mnyamata uja nayenso ndinacheza naye, ndipo anandiuza kuti iye ankafuna kupikisana ndi a Sitandade 8 kuyambira pachiyambi, koma titamufunsa kalasi tinamuloza kwa ang'ono. Onse awiri ndawaitana ku msonkhano. Tikumana 2 koloko masana pamalo athu a nthawi zonse, ndipo amene muli ndi timabuku ta kusikelo ta ana anu kapena ta azing'ono anu mubwere nato, kaundula tiyamba kulemba tsiku lomwelo.