Kodi Nkhope Iyi Ndi ya Mtundu Wanji?

Phunziro lathu la mbiri lero lichokera pa mkangano umene umabuka ana akasonkhana kuonerera makatuni m'makomboni a Lusaka, kaya ku Kanyama, ku Matero kapena ku Mtendere. Wina amati, "Naruto ndi mzungu, taonani tsitsi lake lachikasu ndi maso ake abuluu." Mnzake amakana, nati, "Iyayi, ndi Mjapani ameneyu." Kodi akunena zoona ndani?

Makatuni otere amapangidwa ku Japan, ndipo amatchedwa anime. Kuti timvetse nkhope zake, tiyenera kubwerera kwa mmisiri wojambula dzina lake Osamu Tezuka, amene anabadwa mu 1928 namwalira mu 1989. Iye ankakonda kwambiri makanema a Walt Disney a ku America, makamaka Bambi wa mu 1942, nkhani ya kagwape ka maso aakulu. Tezuka anazindikira kuti diso lalikulu limaonetsa msanga mantha, chisoni kapena chimwemwe. Choncho kamnyamata kake kachitsulo, Astro Boy, kamene kanayamba kuoneka pa wailesi ya kanema ya ku Japan mu 1963, anakapatsa maso otero, ndipo amisiri ambiri anamtsanzira. Zindikirani, ana inu, kuti maso aakuluwo ntchito yake ndi kuulula za mumtima. Sanena za mtundu wa munthu ayi.

Nanga tsitsi? Nkhani zambiri za anime zimayamba m'mabuku a zithunzi otchedwa manga, amene kawirikawiri amasindikizidwa ndi inki yakuda yokha. Wojambula amadetsa tsitsi la uyu, la uyo nalisiya loyera, kuti wowerenga asasokoneze anthu. Akira Toriyama, mwini nkhani ya Dragon Ball, anaulula kuti anayeretsa tsitsi la Goku pofuna kuchepetsera womthandiza ntchito yopaka inki. Pa kanema tsitsi lomwelo linaoneka lagolide. Ndipo amisiriwa akafuna kuonetsa mzungu weniweni, nthawi zambiri amampatsa mphuno yaitali ndi chibwano chachikulu. Kajambulidwe kosaonetsa dziko la munthu Ajapani amakatcha mukokuseki, ndiko kuti wopanda dziko.

Aphunzitsi, yesani ichi m'kalasi. Jambulani pabolodi nkhope yozungulira, timadontho tiwiri ndi kamzere kamodzi, ndipo funsani ana kuti ameneyu ndani. Ambiri adzatchula mnzawo, mlongo wawo kapena inu nomwe. Mizere ikachepa, woonayo amakwaniritsa yekha zosowazo. Mu 2009 wofufuza wina, Amy Shirong Lu, anafalitsa zimene anapeza ataonetsa nkhope 341 za anime kwa anthu oposa 1,000: anthu ankakonda kuonamo mtundu wawo womwe. Mwana wa ku Tokyo akaona Naruto akudya ndi timitengo tiwiri, amangoona mnzake.

Nanga bwanji mwana wa ku Chawama amaonamo mzungu? Apa ndi pamene pagona mbiri yathu. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1961 ku Kitwe, ufulu usanabwere, ndipo kwa zaka zambiri makatuni athu ankachokera kunja. Tinazolowera kuti ngwazi ya pa kanema sikhala yakuda. Motero tikaona nkhope yoyererapo, timafulumira kunena kuti ndi mzungu, ngati kuti padziko pali mitundu iwiri yokha.

Mwana wina wa Zambia, Malenga Mulendema, anakula akudzifunsa chifukwa chimene ngwazi za m'makatuni sizinkafanana naye. Atakula analemba nkhani ya atsikana anayi opulumutsa anthu mu Lusaka wa m'tsogolo. Malcolm Wope wa ku Cameroon anawajambula, ndipo mu 2023 Supa Team 4 inayamba kuonetsedwa pa Netflix.

Tsono yankho la mkangano uja ndi ili: nkhope ya Naruto payokha sinena mtundu wake, koma dzina lake, chakudya chake ndi ulemu wake ndi za Chijapani. Ntchito yanu ya sabata ino nayi. Aliyense ajambule ngwazi ya m'komboni mwake, aipatse dzina la kwawo, ndipo atiuze chimene imadya ndi anthu amene imawateteza. Tsalani bwino.