Matepi Ochokera ku London: Mmene Alembi a mu Africa Ankafunsirana za Mabuku Awo

Mu Ogasiti 1962, mtolankhani wa ku South Africa, Lewis Nkosi, anali ku Lagos ndi makina ojambulira mawu. Kwawo anachokako ndi chiphaso chotulukira chokha, chosamulola kubwereranso. Yemwe anakhala naye pansi kuti acheze anali Chinua Achebe, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku wailesi ya dziko la Nigeria. Achebe anali ndi mabuku awiri okha a nkhani zazitali, Things Fall Apart la 1958 ndi No Longer at Ease la 1960. Sanali mkhalakale amene dziko limamudziwa lero. Anali wazaka 31, wolemba madzulo akaweruka kuntchito.

Nkosi anatumidwa ndi Transcription Centre, kabungwe kamene kanatsegulidwa ku London chaka chomwecho. Mkulu wake anali Dennis Duerden, Mngelezi amene anagwirapo ntchito zamaphunziro ku Nigeria asanalowe nthambi ya Chihausa ku BBC. Ntchito yawo inali yosavuta kuimvetsa. Mlembi akatulutsa buku, kapena akangodutsa ku London, ankamuitana kuti adzacheze naye. Mawu ankawajambula pa matepi okulungidwa pa mikombero iwiri, n'kudula polakwika ndi lezala, n'kumata, kenako n'kukopera matepi ambiri ndi kuwatumiza pa positi ku mawailesi a m'maiko a mu Africa. Pulogalamu yawo yodziwika inkatchedwa Africa Abroad.

Chaka cha 1962 chinali chaka chokolola. Mu Juni alembi olemba m'Chingelezi anasonkhana ku Makerere, mumzinda wa Kampala, ndipo kumeneko wophunzira wina dzina lake James Ngugi anapatsa Achebe zolemba zake kuti aziwone. Zolembazo n'zimene zinadzakhala buku la Weep Not, Child mu 1964. Chaka chomwecho cha 1962 kampani ya Heinemann inayambitsa mndandanda wa mabuku wa African Writers Series, Achebe ali mlangizi wake. Mabuku anayamba kutuluka motsatizana, koma mashopu ogulitsa mabuku anali m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo ndalama yogulira inali ndi ochepa. Wailesi ndiyo inkafika kutali. Mphunzitsi wa kumudzi amene sakanaliona bukulo chaka chonse ankatha kumva mwini wake akulifotokoza ndi pakamwa pake.

Chimene chinapatsa machezawa kukoma ndi anthu amene ankafunsa mafunso. Ambiri mwa iwo anali alembi. Nkosi anali wolemba wakuthwa amene anakulira m'magazini ya Drum ku Johannesburg. Robert Serumaga wa ku Uganda anali katswiri wa zisudzo. Panalinso Andrew Salkey wa ku Jamaica ndi Cosmo Pieterse wobadwira ku Windhoek. Anthuwa sankafunsa mwaulemu wongogwedeza mutu. Ankadziwa kuvuta kwa kulemba, choncho ankatha kupanikiza mnzawo kuti anene amene akumulembera, chifukwa chimene wasankhira Chingelezi kusiya chinenero cha amayi ake, ndiponso ngati mlembi ali ndi mbali m'ndale za dziko limene langolandira kumene ufulu. Mafunso amenewa lero amamveka ozolowereka chifukwa akhala akubwerezedwa m'makalasi kwa zaka zambiri. Nthawi imeneyo anali atsopano, ndipo oyankha ankayankha akuganiza pomwepo, nthawi zina n'kudzasintha maganizo patapita zaka ziwiri.

Macheza a Serumaga ndi Achebe a mu 1967 ndi chitsanzo chabwino. Buku la A Man of the People linatuluka mu Januwale 1966, ndipo nkhani yake imathera pa asilikali kulanda boma. Pa 15 mwezi womwewo asilikali analandadi boma la Nigeria. Ena anayamba kumukayikira Achebe kuti ankadziwa chiwembucho. Pocheza ndi Serumaga iye anafotokoza kuti ndale za dzikolo zinali zitafika pamene sizikanathekanso kukonzedwa ndi andale eni ake, ndipo n'zimene anaziona polemba. Amenewa anali mawu a munthu amene dziko lake linali pafupi kulowa m'nkhondo yapachiweniweni, osati a nkhalamba yokumbukira zakale ili pampando wa ndalema.

Mawu a Christopher Okigbo ndiwo amakhudza mtima kwambiri. Nkosi anacheza naye mu 1962, chaka chimene ndakatulo zake za Heavensgate zinasindikizidwa ndi a Mbari ku Ibadan, ndipo Serumaga anachezanso naye mu 1965. Okigbo anali munthu wosafuna kuikidwa m'khola la mtundu kapena khungu, moti mu 1966 anakana mphoto ya ndakatulo ya pa chikondwerero cha zaluso za anthu akuda ku Dakar. Chaka chotsatira anafera kunkhondo ya Biafra, kufupi ndi Nsukka. Sanasiye mbiri ya moyo wake yolembedwa, choncho zambiri zimene ofufuza amadziwa za mmene ankaionera ntchito yake zimachokera m'macheza ochepa ngati amenewa.

Okot p'Bitek nayenso anajambulidwa Song of Lawino itangotuluka kumene ku Nairobi mu 1966, ndakatulo imene anayamba kuilemba m'Chiacholi.

Nkhaniyi ili ndi banga lake. Ndalama zoyendetsera Transcription Centre zinkachokera ku Congress for Cultural Freedom ndi Farfield Foundation, ndipo mu 1966 ndi 1967 nyuzipepala za ku America zinaulula kuti kuseri kwa mabungwewa kunali akazitape a CIA. Thumba lomwelo n'limene linathandiza msonkhano wa ku Makerere ndi magazini a Black Orpheus ndi Transition. Alembi ambiri anati sankadziwa, ndipo aliyense wowerenga zimene ananena amaona kuti sankalankhula zowatuma. Komabe n'zopweteka kuti nkhokwe imeneyi ya mawu a alembi a mu Africa inamangidwa ndi ndalama za Nkhondo Yozizira, pamene maboma atsopano a mu Africa sanaikepo mtima. Panalinso kupelewera kwina. Pafupifupi onse ofunsidwa ankalemba m'Chingelezi, ndipo amayi anali ochepa kwambiri. M'buku la African Writers Talking, limene Duerden ndi Pieterse anasonkhanitsamo ena mwa machezawa mu 1972, mawu a Ama Ata Aidoo ndi Efua Sutherland a ku Ghana ali pakati pa chigulu cha abambo.

Malawi sanasiyidwe kunja. Mu 1964, pamene bungwe la Transcription Centre linagwirizana ndi wailesi yakanema yamaphunziro ya ku America kukonza mafilimu a African Writers of Today, David Rubadiri anali mmodzi mwa alembi amene Nkosi anacheza nawo. Chaka chomwecho Rubadiri anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku United States ndi ku United Nations, koma mu 1965 anatula pansi udindowo atasemphana ndi boma la Dr Banda, ndipo buku lake la No Bride Price linatuluka mu 1967 ali kunja.

Kunoko mwambo wofunsa mlembi za buku lake unakula movutikira. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo funso wamba loti ndakatulo yakuti ikutanthauzanji likanatha kumuika munthu m'madzi otentha. Macheza enieni ankachitikira m'gulu la alembi limene linayamba ku Chancellor College mu 1970, kumene munthu ankawerenga zimene walemba anzake n'kumufunsa maso ndi maso. Jack Mapanje, mmodzi mwa oyambitsa gululi, anatulutsa Of Chameleons and Gods mu 1981. Bukulo linachotsedwa m'mashopu ndi m'masukulu mu 1985, ndipo mwini wake anamangidwa mu Seputembala 1987 popanda kuzengedwa mlandu. Pamene Bernth Lindfors, amene anali atasonkhanitsa kale macheza a alembi a ku Nigeria ndi kum'mawa kwa Africa, ankatulutsa Kulankula, buku la macheza ake ndi alembi a ku Malawi ndi Lesotho, linasindikizidwa ku Bayreuth m'dziko la Germany mu 1989. Mapanje anali adakali kundende ya Mikuyu, ndipo anatulutsidwa mu Meyi 1991.